Bwanji Simon Belmont satembenuka akadumpha?

Bambo a Tada
Moni nonse pagulu. Ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundizungulira m'mutu kuyambira Lamlungu lapitali. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 11, ndipo magemu odumphadumpha amawakonda kwabasi. Celeste anaimaliza yekha pa laputopu yanga mpaka kufika pansonga pa phiri. Ndiye ndinati ndimuonetseko gemu imene inandilera ine, Castlevania ya Konami ya 1986 ija. Ndinalumikiza laputopu ku TV ya pabalaza, n'kumupatsa padi.

Anayenda bwinobwino mpaka pamalo pamadzi paja, pansi pa nyumba, pomwe zilombo zonga nsomba zimavuuka. Anadumpha, ndipo ali m'malere anaona chilombo chikutuluka patsogolo pake. Ndinali pambali pake, ndinaona chala chake chachikulu chikukanikiza kumanzere mpaka chikhadabo kuyera. Koma Simon Belmont, munthu amene umamuyendetsa mu gemuyo, anangopitiriza ulendo wake, kugundana nacho chilombocho, n'kuponyedwa chambuyo m'madzi. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu anaika padi pampando n'kunena kuti, "Adadi, padi yanuyi yafa." Ndinamuuza kuti padi ilibe vuto, gemuyo anaipanga choncho. Iye anati, "Ndiye kuti anaipanga molakwika."

Mawu amenewo andikhudza, chifukwa gemu imeneyi ndimaikonda kuchokera pansi pa mtima, ndipo ndinasowa chomuyankha. Ndithandizeni abale. Kodi anthu aja analakwitsadi? Kapena pali chimene ana a lero sakuchiona?

Wongani
Achimwene, mwanayo wanena zoona. Ine Castlevania yoyamba ndinaisiya pakati chifukwa cha zomwezo. Munthu ukuona imfa ikubwera, chala chikulamula, koma iye sakumva. Sindiona chabwino pamenepo.

Madala a Sega
Wongani mwana wanga, dikira kaye. Ndakhala ndikusewera zinthu izi kwa zaka zoposa 30, ndilole ndinene mmene ndimaonera.

Amene anakulira kumene kuli makwawa amadziwa kudumpha khwawa nthawi ya dzinja. Umaima kaye m'mphepete. Umayang'ana tsidya, pamene phazi likatere, ngati pali matope kapena mwala. Umabwerera mmbuyo pang'ono, kenako umathamanga. Phazi likangochoka pansi, nkhani yatha, palibenso kusintha maganizo. Ntchito yonse ya ubongo imachitika usanadumphe. Castlevania inamangidwa pa mfundo imeneyo. Ngakhale chikwapu cha Simon sichituluka nthawi yomweyo, amayamba wachikokera kumbuyo kenako n'kumenya. Ndiye uyenera kumenya mdani asanafike, osati atafika kale.

Ndipo sinali yokha. Donkey Kong ya 1981, Mario akadumpha mbiya sasinthanso njira, ndipo akagwa kuchokera patali pang'ono amafa. Ghosts 'n Goblins ya Capcom ya 1985, Arthur naye akadumpha wadumpha, akakhudzidwa kamodzi zovala zachitsulo zimathothoka, kachiwiri watsala mafupa. Magemu amenewa amakufunsa funso limodzi: waonetsetsa? Adani anaikidwa poyesa kutalika kwa kudumpha komweko. Zilombo za m'madzi zija zimene zavutitsa mwana wa a Bambo a Tada zinaikidwa dala kuti zigwire munthu wothamangira kudumpha. Woima n'kudikira amadutsa.

Mphatso
Madala, ndikugwirizana nanu pa chinthu chimodzi chachikulu, ndipo ndikufuna ndichitsindike chifukwa anthu ambiri amachiphonya. Ena amati magemu akale anali ouma chifukwa makina anali ofooka. Sizoona. Super Mario Bros. inatuluka mu 1985, Castlevania isanabwere, pa makina a Nintendo omwewo. Mario ukhoza kumuwongola ali m'malere. Ukangogunda batani la A amadumpha pang'ono, ukalikanikiza osasiya amakwera kwambiri. Ukagwira B amathamanga, ndipo ukamutembenuza mwadzidzidzi amayamba waterereka kaye asanabwerere. Akamathamanga amatha kudutsa pa timaenje ta bokosi limodzi osagwa. Mega Man ya 1987 nayo ndi ina: iye saterereka kwambiri ngati Mario, ukasiya batani amaima msanga, ndipo m'malere umamuyendetsa mmene ukufunira.

Ndiye pa makina amodzi, m'zaka zitatu zokha, panali mayendedwe atatu osiyana. A Konami ankadziwa bwino mmene Mario amadumphira. Anasankha dala kuti Simon akhale wolemera. Choncho tikamati "zakale ndi zatsopano" tisamaphatikize zakale zonse m'thumba limodzi.

Bambo a Tada
Achemwali a Mphatso, mfundo imeneyi sindinaiganizepo. Ndinkangoti nthawi imeneyo sankatha kuchita mwina.

Thoko
Ine ndingofunsa nawo. Kodi Celeste imachita chiyani chimene chimapangitsa kuti munthu uzimva ngati padi ikukumvera? Chifukwa gemuyo ndi yovuta koopsa, ndafa kambirimbiri, koma sindinayambe ndanenapo kuti padi yandilakwira.

Mphatso
Funso labwino achemwali, ndipo ili ndiye gawo limene ndimalikonda chifukwa ndikuphunzira kupanga kagemu kanga pa Godot, pulogalamu yopangira magemu. Maddy Thorson, amene anapanga Celeste ndi Noel Berry ndi anzawo mu 2018, anafotokozapo poyera timachenjera timene anabisa m'kati, ndipo code ya mayendedwe a Madeline, mtsikana amene umamuyendetsa mu gemuyo, anaiika pa webusaiti ya GitHub kuti aliyense awerenge. Ndinakhala nayo sabata yathunthu.

Choyamba ndi chimene amachitcha coyote time, dzina lochokera ku nkhandwe ya m'makatuni ija imene imathamanga kupitirira phompho osagwa mpaka itayang'ana pansi. Madeline akadutsa m'mphepete mwa nsanja, mapazi ali kale m'malere, gemu imamulolabe kudumpha kwa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Pa gemu yoonetsa zithunzi (mafulemu) 60 pa sekondi, amenewo ndi mafulemu 6. Maso sangaone, koma chala chimapindula.

Chachiwiri ndi chosemphana nacho. Ukadina batani lodumpha usanatere, kutatsala pang'onong'ono, gemu siitaya kudina kwakoko. Imakusungira, ndipo phazi likangokhudza pansi amadumpha pompo. M'magemu ambiri akale kudina kotere kunkangotayika, iwe n'kumaona munthu wako akuyenda kulowa m'dzenje ukudziwa kuti unadina.

Palinso za makona. Ukadumpha n'kugunda mutu pakona ya denga ndi kambali kakang'ono chabe, gemu imakusunthira pambali kuti udutse. Ndipo ukafika pamwamba penipeni pa kudumpha batani uli chikanikizire, mphamvu yokukokera pansi amaichepetsa ndi theka, kuti ukhale ndi kamphindi koona pamene ukatere.

Nditaika coyote time m'kagemu kanga, ndinapatsa mng'ono wanga kuti ayese osamuuza kanthu. Anangoti, "Lero ikukoma, mwasintha chiyani?" Mizere ya code inali yosakwana 10.

Madala a Sega
Ndiye kuti gemu ikukunamizani. Mwachedwa kudumpha, mumayenera kugwa, koma yakukhululukirani mwakachetechete kuti mudzione ngati akatswiri. Ine zimenezo zimandivuta. Ndikadutsa malo ovuta pa Ghosts 'n Goblins ndimadziwa kuti ndadutsa ndi ine, palibe wandigwira dzanja. Mwana wozolowera kukhululukidwa akakumana ndi gemu yonena chilungamo, ayamba kunena kuti padi yafa. Si zimene zachitikazi?

Mphatso
Madala, ndikupempha muione mbali iyi. Munthu amene wadina mochedwa ndi mafulemu atatu, maganizo ake anali olondola. Anaona mphepete, anafuna kudumphira pomwepo. Kusiyana kwake ndi kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Kumupha chifukwa cha zimenezo si kuyesa nzeru zake kapena luso lake, ndi kuyesa chinthu chimene thupi la munthu silingachilamulire bwino nthawi zonse.

Ndipo Celeste siinafewe chifukwa cha zimenezi. Popeza opanga akudziwa kuti padi ikumvera, amakhala ndi ufulu wokuikira zipinda zodzaza minga mbali zonse. Kuvuta kuja anakuchotsa m'manja n'kukuika mu levulo. Yesani ma C-Side kapena Farewell, levulo zovuta kwambiri za mu Celeste, muone ngati mukugwiridwa dzanja.

Komanso kudumpha uli kale m'malere si za lero. Donkey Kong Country ya 1994, ukagubuduzika kupitirira mphepete umatha kudumpha uli pamwamba pa phompho, ndipo zilembo zina za KONG anaziika pamalo oti uzitenge mwa njira imeneyo basi.

Chisomo wa ku Joni
Pepani ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Ndawerenga zonse, koma pali chinthu chimodzi chimene palibe wachitchula, ndipo ndikuganiza kuti mwana uja akhoza kukhala kuti ananena zoona kuposa mmene tikuganizira. Bambo a Tada, mwati munalumikiza laputopu ku TV ya pabalaza. Ndi ya fulati? Padi ndi ya waya kapena ya Bluetooth?

Ndikufunsa chifukwa magemu aja anapangidwira ma TV akale agalasi, okhala ndi chimsana aja. TV yotere inkajambula chithunzi nthawi yomweyo chikangofika. Ya fulati imayamba yachikonza kaye chithunzicho, kuchikulitsa, kuchisalaza, kenako n'kuchionetsa. Fulemu imodzi pa 60 ndi pafupifupi mamilisekondi 17. TV ikachedwa ndi mafulemu anayi kapena asanu, emulator (pulogalamu yoseweretsa magemu akale pa laputopu) n'kuonjezapo ake, Bluetooth nayo ake, ndiye kuti chimene mwana akuona pa sikirini chinachitika kale. Gemu ngati Celeste imameza kuchedwa kotere chifukwa cha timachenjera timene a Mphatso afotokoza. Castlevania ilibe pomezera. Ukachedwa wachedwa.

Ine ndimakonza mafoni ndi ma TV kuno, ndipo anthu ambiri amene amabwera akudandaula kuti gemu yakale ikuvuta, ndimangolowa mu settings n'kuyatsa Game Mode. Chitani zimenezo, muzimitsenso zonse zosalaza chithunzi, padi muilumikize ndi waya. Ngati emulator yanu ndi RetroArch, muli chinthu chotchedwa run-ahead chimene chimadulako kuchedwa. Simon sadzatembenukabe m'malere, koma adzadumpha nthawi imene mwana wadina.

Bambo a Tada
Ndi ya fulati achimwene, ndipo padi ndi ya Bluetooth. Game Mode sindinaiyatsepo chigulire TV imeneyi. Ndiyesa mawa.

Chisomo wa ku Joni
Chinanso chimene ife akale tiyenera kuvomereza. Ma TV a kwathu anali a PAL, oyenda maulendo 50 pa sekondi, pamene ku Japan ndi ku America anali a 60. Magemu ambiri sankawakonza pobwera nawo ku mayiko a PAL, ndiye ankayenda pang'onopang'ono ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6. Makina ambiri otsanzira Nintendo aja, a makatiriji achikasu olembedwa kuti muli magemu masauzande, ankayendanso choncho. Tikamati ife tinkadutsa mosavuta tili ana, tikumbukire kuti ambirife tinkasewera gemu yochedwerapo kuposa imene tikupatsa ana lero pa emulator.

Madala a Sega
Apa Chisomo wandikumbutsa. Sonic yoyamba ya 1991 ndinaisewera zaka zambiri pa Mega Drive ya msuweni wanga ku Zomba. Tsiku limene ndinamva nyimbo ya Green Hill Zone pa YouTube ndinaganiza kuti munthu waithamangitsa dala. Ndinachita kufunsa. Anandiuza kuti imeneyo ndiye liwiro lake lenileni, yathu ija ndi imene inali yochedwa. Ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa nyimbo imene ili m'mutu mwanga mpaka lero ndi yochedwayo.

Wongani
Popeza tafika pa nkhani ya gemu imodzi kumveka mosiyana m'manja, ndinene za Crash Bandicoot. Yoyamba ya Naughty Dog ya 1996 tinkaisewera ndi mabatani a mtanda basi, chifukwa padi ya PlayStation nthawi imeneyo inalibe analogi, kandodo kokankha ndi chala kaja. Levulo za milatho zija, Road to Nowhere ndi The High Road, ndinkazidziwa ngati njira ya kumunda. Thabwa lililonse, kamba aliyense wodumphirapo.

Itatuluka N. Sane Trilogy, magemu atatu oyamba a Crash opangidwanso mwatsopano, mu 2017 ndinasangalala, zithunzi zokongola, levulo zomwezo. Ndinafika pa The High Road n'kutaya miyoyo yoposa imene ndinatayapo ndili mwana. Ndimatera pamphepete pa thabwa, malo amene kale ndinkaima bwinobwino, Crash n'kuterereka kugwa. Ndinayamba kukayikira manja anga. Patapita nthawi a Activision, kampani imene inaitulutsa, anavomereza kuti Crash watsopanoyo amagwa mofulumirirapo akadumpha, kuti kakhudzidwe kake ndi zinthu kanasintha, ndiponso kuti mayendedwe a magemu onse atatu anawatengera ku Crash yachitatu. Levulo zinayesedwa ndi kudumpha kwina, iwo n'kuikamo kudumpha kwina.

Ndiye apa gemu yatsopano ndi imene inali youma kuposa yakale. Chimene ndinaphunzirapo n'chakuti kudumpha ndi levulo zimabadwira limodzi, ukasintha chimodzi chinacho chimalira. Pamenepa ndikuyamba kumva zimene Madala akunena za Castlevania, ngakhale sindikuikondabe. Crash 4 ya 2020 anachita bwino, anaika kamkombero kachikasu pansi pa Crash kuti uziona pamene ukatere.

Limbani
Inu nonse mukukamba za mapadi ndi ma TV. Ena a ife gemu timasewerera pa foni basi. Ndinaika emulator kuti ndisewere Mario 3, koma mabatani a pagalasi ndi chilango. Chala sichimva kuti chili pa batani kapena chaphonya, uyenera kuyang'ana pansi pamene Mario akuthamanga kumwamba. Kugwira B uku ukudina A ndi chala chimodzi, zimene pa padi umangopendeketsa chala, pagalasi sizitheka.

Bounce wa pa Nokia uja, kampira kofiira kodutsa m'mikombero, ankaseweredwa bwino kuposa izi chifukwa mabatani anali enieni, umamva akudinika. Nintendo yomwe inaona vutoli. Super Mario Run ya 2016 Mario amathamanga yekha, timaenje tating'ono ndi adani ang'onoang'ono amawalumpha yekha, iwe ntchito yako ndi kugunda galasi kuti adumphe. Anthu ena anainyoza, koma ine ndimailemekeza chifukwa anapanga mayendedwe molingana ndi chimene chili m'manja mwa munthu.

Wongani
Imeneyo si gemu aise, ndi kuonerera. Ngati akuthamanga yekha iwe ukusewera chiyani?

Limbani
Tolera makobidi akuda onse mu levulo iliyonse kenako ubwere undiuze kuti ndi kuonerera.

Admin Yamikani
Tiyeni tipitirize mwaulemu abale, nkhaniyi ikuyenda bwino. Aliyense amasewera ndi chimene ali nacho.

Thoko
Ndinafunsa funso kumayambiriro kuja ndili ndi chifukwa, ndipo ndaona kuti ndinene. Zaka zitatu zapitazo ndinachita ngozi ya njinga yamoto, dzanja langa lamanja linathyoka pamkono. Linapola, koma zala ziwiri sizigwira ngati kale, ndipo ndikakanikiza batani nthawi yaitali dzanja limayamba kunjenjemera. Ndinkaganiza kuti magemu odumpha ndasiyana nawo.

Mu Celeste, kuti Madeline agwire khoma uyenera kukanikiza batani osasiya, ndipo iye amatopa, amayamba kuthwanima mofiira kenako n'kugwa. Ine ndinkatopa iye asanatope. Ndinalira tsiku lina, osati chifukwa cha gemu yokha, koma chifukwa inkandikumbutsa chimene ndataya. Kenako ndinapeza Assist Mode. Umatha kuchepetsa liwiro la gemu mpaka theka, kuchotsa kutopa kwa pakhoma, kuonjezera ma dash (kuuluka mwadzidzidzi kumbali imene wasankha), ngakhale kuzimitsa imfa. Ine ndinangotsitsa liwiro pang'ono n'kuchotsa kutopa. Zina zonse ndinazisiya. Mabatani ndinawasamutsira ku zala zimene zikugwira ntchito.

Ndinafa maulendo osawerengeka, ndipo pamwamba pa phiri ndinafika. Madala, ndimakulemekezani kwambiri, koma mukamati gemu yokhululuka imanamiza munthu, ine zimandipweteka. Palibe amene anandinamiza. Njira yonse ndinaiona ndi maso anga, ndinaiganiza ndi mutu wanga, kudumpha kulikonse ndinadina ndine. Castlevania yoyamba ilibe khomo loti munthu ngati ine alowere, ndipo sindiidandaula, inali nthawi yake. Koma sindingavomere kuti kutseka khomo ndiko chilungamo.

Madala a Sega
Mayi Thoko, pepani kwambiri. Sindinadziwe, ndipo mawu anga aja anali olemera kuposa mmene ndimafunira. Zimene mwachitazo ndi luso lenileni, sindingatsutse. Mawu oti kunamiza ndawabweza.

Koma ndiloleni ndifotokoze bwino chimene ndimaopa kuti chikutayika, chifukwa si kuvuta ayi. Ndi kulemera. Sonic wa pa Mega Drive, amene Yuji Naka analemba mayendedwe ake, sayamba ndi liwiro. Amayamba ngati wakabaza amene wanyamula thumba la chimanga, pang'onopang'ono, mpaka matayala atagwira. Akafika pamtsetse n'kudzipinda kukhala mpira, liwiro limachuluka lokha. Ukafika pa njira yozungulira ija ulibe liwiro lokwanira, umakwera theka n'kubwerera chambuyo. Liwiro unkachita kulipeza, ndipo ukalitaya pogunda mdani unkamva kuwawa. Ngakhale spin dash, yosonkhanitsa liwiro ataima pamalo amodzi ija, anaibweretsa mu Sonic 2 mu 1992, yoyamba inalibe.

Tsono onani zimene zinachitika ndi Sonic 4 mu 2010. Maonekedwe ngati akale, koma ukasiya batani ali m'malere amangogwa molunjika ngati mwala, liwiro lonse lazimiririka. Amatha kuyenda pang'onopang'ono pakhoma lopendekeka n'kuima pomwepo osaterereka. Amamvera chala kwambiri, inde, koma thupi alibe. Sonic Mania ya 2017 inakondedwa chifukwa Christian Whitehead ndi anzake, anthu amene anakula akusewera zakalezo, anabwezeretsa kulemera kuja. Munthu wa mu gemu akamachita chilichonse chimene chala chanena nthawi yomweyo, ine ndimamva ngati ndikusuntha kachizindikiro ka mouse. Ndimafuna ndizimva kuti ndikuyendetsa chinthu chokhala ndi mafupa.

Thoko
Zikomo Madala, ndamva. Za kulemerazo ndikugwirizana nanu.

Mphatso
Madala, apa tsopano tili pamodzi. Ndipo nkhani yabwino ndi yakuti kudumpha kwanu kwa pakhwawa kuja sikunafe. Jump King ya 2019 yonse ndi imeneyo: umakanikiza batani kusonkhanitsa mphamvu, ukasiya wauluka, m'malere palibe chimene ungachite, ndipo ukaphonya umatha kugwa mpaka kumene unali ola lapitalo. Anthu a lero omwewa anaigula n'kumaionerera anzawo akusewera.

Koma imene ndikuganiza kuti ingathandize a Bambo a Tada ndi Bloodstained: Curse of the Moon ya 2018, ya Inti Creates. Inapangidwa motsanzira Castlevania yakale, kudumpha kouma komweko. Poyamba imakufunsa kusankha Veteran kapena Casual. Pa Casual mdani akakugunda sakuponyera chambuyo, ndipo miyoyo siitha. Kudumpha sanakusinthe. Anaona kuti chimene chimapha anthu ambiri si kudumphako, koma kuponyedwa m'dzenje ukagundidwa. Mwana akhoza kuphunzira kuyeza kudumpha kaye popanda chilango chimenecho.

Ngakhale a Konami eni ake anafewetsa. Super Castlevania IV ya 1991 Simon umamuwongolako m'malere ndipo chikwapu chimamenya mbali 8. Ena amati n'chifukwa chake ndi yosavuta kuposa zoyamba zija, mpaka zida zina zoponya umaziiwala.

Chisomo wa ku Joni
Sitingatseke nkhani ya mayendedwe osatchula Super Mario 64. Mu 1996, tsiku loyamba kugwira analogi ya Nintendo 64, kukankha pang'ono Mario akunyang'ama, kukankha kwambiri akuthamanga. Amene anagwira nawo ntchitoyo amanena kuti Shigeru Miyamoto ndi gulu lake anayamba ndi mayendedwe a Mario okha, kumuthamangitsa ndi kalulu pamalo oyesera, levulo zisanamangidwe. N'chifukwa chake panja pa nyumba yachifumu paja palibe mdani, koma munthu umatha mphindi 20 ukungodumpha katatu, kudumpha chambuyo, kukankha khoma, kukwera mitengo. Super Mario Odyssey ya 2017 ndi mdzukulu wake weniweni, chipewa chija ukachiponya n'kuchidumphira umafika malo amene umaganiza kuti sungafike, n'kupeza opanga anakusiyirako makobidi kumeneko.

Wongani
Mayendedwe a Mario 64 sanakalambe, koma kamera yake yakalamba. Ndinabwererako chaka chatha, theka la imfa zanga zinali chifukwa Lakitu, wonyamula kamera uja, wakana kutembenuka pamene ndikuyenda pakanjira kopyapyala. Pa mbali imeneyo zatsopano zapambana, palibe mtsutso.

Limbani
Amene mwasewera Silksong, yotsatira ya Hollow Knight, nanga za Hornet amene umamuyendetsa m'menemo? Ndinaonera kwa mnzanga. Mu Hollow Knight ya 2017 ukamenya pansi uli m'malere umadumphira pa mdani molunjika. Hornet amatsika mopendekeka, ndiye uyenera kuyeza uli patali. Mnzangayo anadandaula masiku awiri, tsiku lachitatu anati sangabwererenso ku yakale. Ndikuona ngati ndi zomwe Madala akunena, kuganiza usanadine, koma mu gemu ya 2025.

Madala a Sega
Imeneyo sindinaigwirepo Limbani. Ndikabwera ku Lilongwe mwezi wamawa undionetse.

Bambo a Tada
Abale, ndabwera kudzapereka lipoti. Dzulo masana ndinachita zimene a Chisomo ananena. Game Mode ndinaipeza, padi ndinailumikiza ndi waya. Ndinayamba ndayesa ndekha, ndipo kusiyana kwake ndinakumva pa chikwapu choyamba. Sabata yonseyi mwana ndinamupatsa gemu yochedwa, ndiye pamene ankati padi yafa sanalakwitse kwenikweni. Ndinamuuza zimenezo ndipo ndinapepesa.

Kenako ndinamufotokozera za khwawa la Madala. Kumudzi kwa agogo ake ku Dedza kuli kakhwawa kamene amadumpha ndi asuweni ake popita kudimba, ndiye anamva msanga. Ndinamuuza kuti Simon ndi munthu wamkulu wonyamula zida, si Madeline. Anavomera kuyesanso.

Atafika pamadzi paja anaima. Sanadumphe. Ndinamumva akuwerenga chapansipansi, chilombo chinavuuka, chinatera pansanja, anachikwapula, n'kudikiranso. Chachiwiri chitangogwa anadumpha. Chala chake chinapitabe kumanzere mwachizolowezi ali m'malere, ndinachiona, koma ulendo uno panalibe chothawa. Anadutsa. Mleme waukulu wa kumapeto uja unamupha kawiri, kachitatu anaupha ndi nkhwangwa zoponya. Magetsi anazima tili pa levulo yachiwiri, laputopu inatsala ndi moto pang'ono, ndiye tinalekera pomwepo.

Ndinamufunsa ngati akuonabe kuti anaipanga molakwika. Anaganiza kaye, n'kunena kuti kudumphako wakumvetsa, koma zoponyedwa chambuyo ukagundidwa sakuzivomerezabe, akuti chilango chimodzi chikukwanira. Sindinamutsutse. Ndipo wandipatsa lamulo: iye apitiriza Castlevania pokhapokha ine nditayamba Celeste, popanda Assist Mode chifukwa manja anga ali bwino. Ndayamba m'mawa uno. Mu chaputala choyamba chokha ndafa ka 140, ndipo vuto langa ndi losemphana ndi lake. Ndimaima nthawi yaitali kuyeza, ndikadumpha ndimaiwala kuti ndikhoza kusintha njira ndili m'malere. Iye amakhala pambali akukuwa kuti, "Adadi, dash! Muli nayobe dash!"

Mphatso
Ka 140 pa Forsaken City, chaputala choyambacho, ndi bwino ndithu bambo. Tsitsi la Madeline likakhala lofiira dash ilipo, likasanduka labuluu yatha mpaka mutatera. Muziyang'ana tsitsilo.

Thoko
Mumuuze Tada kuti azakhali a pagulu pano akumunyadira.

Madala a Sega
Mumuuzenso kuti pa levulo yachiwiriyo akumana ndi mitu ya Medusa youluka mokwera ndi kutsika. Asaithamangitse ndi chikwapu, ndipo asadumphe dzenje mutu uli pa sikirini kutsogolo kwake. Aziyenda ndi liwiro limodzi, yambiri imadutsa pamwamba pake yokha. Ikamuchulukira akwere pa masitepe, chifukwa Simon akakhala pa masitepe ngakhale agundidwe saponyedwa chambuyo. Magetsi akayaka mutiuze mmene zathera.